Brain.fm ikuthandizani kukhala pa ntchito, koma kuloweza ndi nkhani ina

Brain.fm ndi pulogalamu ya pafoni ndi pakompyuta imene imagulitsa chinthu chimodzi basi: nyimbo zopanda mawu zoti munthu azimvera akamagwira ntchito, akamapuma kapena akafuna tulo. Eni ake ndi kampani ya ku America. Mumayamba ndi masiku angapo oyeserera, kenako mumalipira mwezi ndi mwezi kapena kamodzi pachaka. Mulibe woimba wotchuka ngakhale mmodzi, ndipo nyimbo ya pamtima panu simungaipezemo. Lonjezo lawo ndi lakuti nyimbozi zinapangidwa mwadala kuti maganizo asamayendeyende.

Tinene msanga mmene tikuionera. Pothandiza munthu kukhala pansi n'kulimbikira ntchito yotopetsa, makamaka pamalo aphokoso, pulogalamuyi ndi yabwino, ndipo zikuoneka kuti anaipanga anthu odziwa zimene zimadodometsa maganizo. Koma amene akuifuna kuti aziloweza msanga kapena azikumbukira zambiri pamayeso angotayapo ndalama. Kukhazikika pa ntchito ndi kukumbukira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nyimbo zimazikhudza mosiyananso.

Mukaitsegula

Imayamba yakufunsani chimene mukufuna kuchita. Pali Focus ya ntchito, Relax yopumira, Meditate yosinkhasinkha ndi Sleep ya tulo. Mkati mwa Focus mulinso timagawo monga Deep Work, Learning, Creativity ndi Light Work, ndipo mumasankha kaimbidwe: piyano, lo-fi (nyimbo zofatsa zogunda pang'onopang'ono), zoimbira zamagetsi, kapena kulira kwa mvula, mafunde ndi nkhalango. Nyimbo zake n'zazitali kuposa za pawailesi. Pali wotchi yoti mutchere. Ikhoza kumangoyenda mpaka mutaimitsa nokha, ikhoza kuima pa nthawi imene mwaika, kapena kugawa nthawi ya ntchito ndi yopuma, mwachitsanzo mphindi 25 zogwira ndi 5 zopuma. Pafoni mukhoza kutsitsiratu nyimbo kuti muzimvera popanda intaneti, ndipo zimenezi musazione mopepuka. Nyimbo ya pa intaneti yoyenda pa mlingo wamba wa 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola. Maola 6 patsiku kwa masiku 20 ndi data yokwana pafupifupi 7 GB.

Chimene amanyadira kwambiri ndi chinthu chotchedwa neural effect, chimene chili pa milingo itatu: wotsika, wapakati ndi wokwera. Chimachitika n'chakuti mphamvu ya kulira kwa nyimboyo imakwezedwa ndi kutsitsidwa mofulumira, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mukatchera khutu mumamva kanyimbo kakunjenjemera, ngati mmene mawu amamvekera munthu akamalankhula kutsogolo kwa fani imene ikuzungulira. Pa mlingo wotsika kunjenjemerako kumabisala m'zoimbira moti ambiri sakuzindikira. Pa mlingo wokwera kumamveka poyera, ndipo ena kumawatopetsa makutu kapena kuwapweteketsa mutu pakapita nthawi. Izi si ma binaural beats amene adzaza YouTube, amene amatumiza kaliu kosiyana pang'ono ku khutu lililonse. Apa kugundako kuli m'nyimbo yeniyeniyo. Komabe pa sipika kumachepa mphamvu, chifukwa kulira kukagunda makoma n'kubwerera kumadzaza timipata totsika tija. N'chifukwa chake mahedifoni ndiwo oyenera.

Chifukwa chenicheni chimene imathandizira

Munthu akamawerenga chamumtima, kapena akasunga nambala ya foni m'mutu podikira cholembera, amakhala akudziuza mawuwo mkati. Mu 1974 akatswiri awiri a ku Britain, Alan Baddeley ndi Graham Hitch, anafotokoza mmene ubongo umasungira zinthu kwakanthawi pamene ukuzigwiritsa ntchito. Mbali yosunga mawu ndi yaing'ono kwambiri. Imagwira zimene munthu angatchule m'masekondi pafupifupi 2, ndipo akapanda kuzibwereza zimazimiririka. Vuto ndi lakuti mawu ochokera kunja amalowa m'mbali yomweyo osagogoda, kaya mukuwamvetsera kaya ayi.

Pierre Salamé ndi Baddeley anayesa zimenezi ndi nyimbo mu 1989. Anthu ankaona manambala otsatizana n'kuuzidwa kuti awakumbukire m'dongosolo lake. Nyimbo zoimbidwa ndi mawu zinawasokoneza kwambiri kuposa za zida zokha. Mu 1993 Dylan Jones ndi William Macken a ku Cardiff anawonjezerapo mfundo yofunika: ngakhale kaliu wamba kopanda mawu kamasokoneza ngati kakusinthasintha, pamene kaliu kamodzi kobwerezabwereza sikasokoneza kwenikweni. Ndiye adani ndi awiri, mawu ndi kusinthasintha. Nyimbo ya pawailesi ili ndi onse awiri, ndipo woipeka anachita dala, chifukwa ntchito yake ndi kukukokani khutu. Kolasi ikalowa, ng'oma ikaduka mwadzidzidzi, woimba akakweza mawu, maganizo amatembenukira komweko, ndipo mukabwerera pa tsamba mumapeza kuti chiganizo munali pakati chija chathawa.

Brain.fm inachotsa adani onse awiriwa. Mulibe mawu. Zida sizilowa kapena kutuluka modzidzimutsa, mphamvu ya nyimbo siidumpha, ndipo kaimbidwe kake n'kosagwira mtima moti simungakaimbe mukusamba. Kunena zoona nyimbo zambiri za mmenemu n'zozizira, zopanda mchere, ndipo woimba aliyense angachite nazo manyazi. Pa ntchito imene zikugwira, kuzizirako ndiye ubwino wake.

Ambiri amati, "Ine nyimbo zimene ndimakonda sizindisokoneza." Nick Perham ndi Joanne Vizard anayesa zimenezo mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011. Anthu anakumbukira mndandanda wa zilembo movutikira mofanana, kaya nyimbo inali ya pamtima pawo kaya yoti amadana nayo, ndipo anachita bwino pamene kunali zii. Kumva bwino mumtima si umboni woti mutu ukugwira bwino. William Forde Thompson ndi anzake anapezanso mu 2012 kuti nyimbo za zida zokha zimawononga kumvetsa zimene munthu akuwerenga zikakhala zothamanga ndiponso zokwera pa nthawi imodzi. Mu 2018 Martin Vasilev ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 65 wa kuwerenga pakati pa phokoso, ndipo zimene zinasokoneza koposa zinali kulankhula komveka bwino ndi nyimbo zokhala ndi mawu.

Apa ndi pamene pulogalamuyi imapindulira. Muofesi imene anthu akucheza, kapena m'nyumba imene wailesi yakanema ili pakamwa tsiku lonse, simukusankha pakati pa nyimbo ndi bata. Mukusankha pakati pa nyimbo yozizira ndi nkhani za eni ake zimene khutu lanu likutola lokha. Nyimbo yosadukiza imakwirira mawu a anthuwo kuti asamveke tanthauzo, ndipo mawu osamveka tanthauzo sasokoneza ngati omveka.

Palinso mdani wachitatu amene satchulidwatchulidwa: kusankha. Pa mapulogalamu a nyimbo wamba dzanja limapita pafoni kukadumphitsa nyimbo imene simukuifuna, maso n'kugwera pa uthenga wa WhatsApp, mphindi 10 n'kupita. Muno mulibe chokudumphitsani chifukwa nyimbo zonse n'zofananako, ndipo mulibe otsatsa malonda olowerera pakati.

Nanga kunjenjemera kuja?

Kampaniyi inalandirapo thandizo la ndalama zofufuzira kuchokera ku National Science Foundation ya ku America, ndipo mu 2024 magazini ya Communications Biology inasindikiza kafukufuku wotsogozedwa ndi Kevin Woods pamodzi ndi Psyche Loui wa ku Northeastern University ku Boston. Anthu ankapatsidwa ntchito yonyong'onya mwadala: manambala akutuluka pa sikirini limodzilimodzi, iwo n'kumadina batani pa nambala iliyonse kupatula imodzi. Maganizo akangochoka, chala chimadina pamene sichinayenere. Anajambulanso ubongo ndi makina a fMRI ndi EEG, ndipo anaona kuti mafunde amagetsi a muubongo ankatsatira kugunda kwa nyimboyo. Atayerekeza kunjenjemera ka 8, ka 16 ndi ka 32 pa sekondi, ka 16 ndi kamene kanathandiza anthu amene anali ndi zizindikiro zambiri za ADHD, vuto lolephera kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi. Kuti mumvetse liwiro lake, pa nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi, ka 16 pa sekondi ndi kunjenjemera kasanu n'katatu mkati mwa kugunda kumodzi.

Ndi kafukufuku weniweni, ndipo ambiri ogulitsa nyimbo zoterezi alibe ngakhale wotere. Koma muwerengeni ndi maso awiri. Ena mwa amene anamulemba anali ogwira ntchito ku Brain.fm komweko. Zizindikiro za ADHD anaziyeza ndi mafunso amene munthu amayankha yekha, osati ndi kupima kwa dokotala. Phindu linaonekera kwambiri kwa anthu ovutika kukhazikika, osati kwa aliyense. Ndipo chimene anayeza ndi kukhala tcheru pa ntchito yobwerezabwereza. Sanayeze kumvetsa mutu wa buku, kuloweza mayina a mafupa a m'thupi kapena kukhoza masamu. Kuti ubongo ukutsatira kugunda kwa nyimbo n'zoona, koma ubongo umatsatira kugunda kwa chilichonse chimene khutu likumva mwadongosolo. Kutsatirako pakokha sikutanthauza kuti nzeru zawonjezeka.

Zoti phokoso losasintha limathandiza ena n'kupweteka ena zinaonekanso kwina. Mu 2007 Göran Söderlund ndi anzake ku Sweden anapeza kuti phokoso la shiii, longa la wailesi yosagwira siteshoni, linathandiza ana a ADHD kukumbukira, koma linabwezera m'mbuyo ana opanda vutoli. Adrian Furnham ndi Anna Bradley anaonanso mu 1997 kuti anthu ofatsa, okonda kukhala paokha, amasokonezeka ndi nyimbo kuposa anthu ochezeka. Mutu umene uli kale maso sufuna chowonjezera. Umene ukuwodzera ndi umene nyimbo imaudzutsa. Choncho amene ali ndi ADHD akhoza kuyesa mlingo wokwera, koma asaisandutse mankhwala kapena kusiyira malangizo a dokotala chifukwa cha pulogalamu ya pafoni.

Mbiri ya malonjezo otere

Aka si koyamba kuti nyimbo zigulitsidwe ngati mankhwala a nzeru. Mu 1993 Frances Rauscher, Gordon Shaw ndi Katherine Ky a ku University of California, Irvine, anauza ophunzira 36 kuti amvere nyimbo ya Mozart, wopeka nyimbo wakale wa ku Ulaya, kwa mphindi 10, ndipo ophunzirawo anachita bwino pa mayeso oganizira maonekedwe a zinthu m'mutu. Phindulo linatha pasanathe mphindi 15, ndipo oyesedwawo anali akuluakulu a kukoleji, osati makanda. Koma nkhani inakula m'kamwa mwa anthu mpaka mu 1998 bwanamkubwa wa chigawo cha Georgia ku America, Zell Miller, anapempha madola 105,000 mu bajeti kuti mwana aliyense wobadwa kumeneko azilandira chimbale cha nyimbo zotere. Pofika 1999 Kristin Nantais ndi Glenn Schellenberg anali atasonyeza kuti kumvetsera nthano kumachitanso chimodzimodzi kwa munthu amene amakonda nthano kuposa nyimbo. Mu 2010 ofufuza a ku Vienna anaphatikiza kafukufuku pafupifupi 40 wokhudza anthu oposa 3,000, osapeza chamatsenga chilichonse mwa Mozart. Chimene chimathandiza ndi kutsitsimuka ndi kusangalala kumene munthu amakhala nako akangomva chinthu chomukomera.

Phunziro lake ndi lothandiza pogwiritsa ntchito Brain.fm. Nyimbo yokoma, yothamanga, yoimbidwa ndi mawu, malo ake ndi musanayambe ntchito. Mverani ziwiri kapena zitatu zimene zimakudzutsani magazi, kwa mphindi 10, kenako zimitsani. Ntchito ikayamba, ndiye nthawi ya nyimbo yozizira kapena bata.

Pa kuloweza ndi pamene imagwa

Gawo la Learning ndi limene dzina lake likulonjeza zoposa zimene lingachite. Mu 2011 Juliane Kämpfe ndi anzake ku Germany anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nyimbo zomveka munthu akuchita zina, ndipo anapeza kuti zimasokoneza kuwerenga, zimachepetsako kukumbukira, koma zimakonza mmene munthu akumvera mumtima ndiponso zimathandiza pa masewera olimbitsa thupi. Nyimbo za Brain.fm zimachepetsa kuwonongako. Kuchepetsa kuwononga sikufanana ndi kuwonjezera. Ngati muli ndi chipinda cha zii ndipo mutu wanu uli maso, bata likadali patsogolo pa ntchito yoloweza matanthauzo, madeti, malamulo kapena mawu a chilankhulo china.

Palinso nkhani ya malo. Ubongo umasunga chinthu pamodzi ndi zimene zinazungulira pamene unkachiphunzira. Mu 1998 Harry Grant ndi anzake anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ena kuli phokoso ena kuli zii, kenako anawayesa. Amene anayesedwa m'malo ofanana ndi mmene anawerengera anachita bwino kuposa amene anasinthidwa. M'chipinda cha mayeso simulowa mahedifoni. Wophunzira amene chaka chonse wawerenga ali ndi nyimbo m'makutu ayenera kupatula nthawi yodziyesa kuli zii, makamaka masabata awiri omaliza. Tsekani buku, zimitsani zonse, lembani zimene mukukumbukira, kenako tsegulani muone zimene zasowa. Kudziyesa kotereku kumalimbitsa kukumbukira kuposa kubwereza kuwerenga, ndipo sikulira ndalama.

Nyimbo zimathandizadi kuloweza, koma m'njira imene Brain.fm ilibe: pamene zoti mulowezezo ndizo mawu a nyimboyo. Mu 2014 Karen Ludke ndi anzake ku Edinburgh anaphunzitsa anthu 60 timawu ta chilankhulo cha ku Hungary. Amene anatibwereza moimba anatikumbukira bwino kuposa amene anatibwereza molankhula. Kaimbidwe kamakuuzani kuchuluka kwa zigawo za mawu ndi pamene mzere ukuthera, ndiye mawu amodzi akasowa mumadziwa kuti pali dzenje. Zimagwira ngati kaimbidweko n'kosavuta ndiponso kobwerezabwereza. Kakakhala kachilendo, mumakhala mukuloweza zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Pa gawo la Creativity tingonena mwachidule, chifukwa ofufuza okha sagwirizana. Simone Ritter ndi Sam Ferguson anapeza mu 2017 kuti nyimbo yachisangalalo imathandiza munthu kutulutsa maganizo ambiri osiyanasiyana. Emma Threadgold ndi anzake anapeza mu 2019 kuti nyimbo, ngakhale zopanda mawu, zimalepheretsa kupeza yankho limodzi lolondola pa mafunso olumikiza mawu. Ngati mukujambula kapena kusakasaka maganizo, yatsani. Ngati mukulimbana ndi chiganizo chokana kukhala bwino, zimitsani.

Si yogulira agogo oiwalaiwala

Ena amamva kuti nyimbo zimadzutsa zikumbukiro za odwala Alzheimer, matenda a muubongo oiwalitsa zinthu, n'kuganiza zolembetsera makolo awo pulogalamu ngati iyi. Musatero. Zimene zimagwira ntchito kwa okalamba ndi nyimbo zawozawo, makamaka zimene ankamva kuyambira zaka 10 mpaka 30, nthawi imene zikumbukiro za moyo wa munthu zimazika mizu kwambiri. Petr Janata wa ku University of California, Davis, anaonetsa mu 2009 kuti nyimbo yodziwika yokhudza mbiri ya munthu imayatsa mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi imene imalumikiza nyimbo, mtima ndi zakale. Mu 2015 Jörn-Henrik Jacobsen ndi anzake anapeza kuti mbali zosunga nyimbo zodziwika zimachedwa kuwonongeka ndi Alzheimer. N'chifukwa chake gogo amene waiwala dzina la mdzukulu amatha kuimba ndime zonse za nyimbo ya pa unyamata wake. Komabe bungwe la Cochrane, losanthula kafukufuku wa zaumoyo, litaunika kafukufuku 22 mu 2018 linapeza kuti chithandizo cha nyimbo chimachepetsa kukhumudwa kwa odwalawa koma sichisintha kwenikweni kaganizidwe kawo.

Kwa odwala sitiroko nkhani ndi yolimbikitsa. Teppo Särkämö ndi anzake ku Helsinki anagawa odwala 60 m'magulu atatu mu kafukufuku wa mu 2008. Amene ankamvera nyimbo zodzisankhira tsiku lililonse, kwa ola limodzi kapena kuposa, anawonjezera kukumbukira mawu ndi 60 peresenti pakutha pa miyezi itatu. Amene ankamvera mabuku owerengedwa anawonjezera ndi 18, ndipo amene sanapatsidwe chomvera ndi 29. Onani kusiyana kwake ndi Brain.fm: nyimbozo zinali za pamtima pa wodwala, zambiri zokhala ndi mawu, ndipo kumverako ndiko kunali ntchito yokhayo pa nthawiyo.

Kutchera bwino, ndi zimene zimalakwika

Yambani ndi mlingo wotsika kapena wapakati wa neural effect. Cholakwika chofala ndi kuthamangira wokwera poganiza kuti wamphamvu ndiye wabwino, kenako munthu n'kumamvetsera kunjenjemera m'malo mwa kuwerenga. Ngati pakatha mphindi 10 mukuimvabe nyimboyo ngati nyimbo, tsitsani mlingo, tsitsani voliyumu, kapena sinthirani ku mvula. Pa kuwerenga ndi kulemba sankhani zopanda ng'oma. Zokhala ndi ng'oma sungirani ntchito zimene manja amadziwa kale, monga kulowetsa manambala mu kompyuta, kusanja mafailo kapena kuyankha makalata wamba. Mukapeza nyimbo zitatu kapena zinayi zokuyanjani, zisungeni n'kumabwereza zomwezo. Nyimbo yachilendo imakoka khutu, yozolowereka imazimiririka, ndipo m'kupita kwa masiku kungoiyatsa kumakhala chizindikiro choti ntchito yayamba. Tsekani mauthenga onse a pafoni musanadine batani loyambira, apo ayi kaliu ka uthenga kadzakulirirani m'makutu momwemo.

Voliyumu ndi nkhani yaikulu kuposa zonsezi, chifukwa pulogalamu yotere imamveredwa maola ambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana asapyole 75. Mukakweza ndi madesibelo 3 okha, nthawi yololedwa imadulidwa pakati. Pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10, pa 89 ndi maola 5. Wogwira ntchito maola 8 patsiku ndi mahedifoni amatha maola 40 aja pofika Lachisanu, asanawerengere nyimbo za m'galimoto ndi za kumapeto a sabata. Pamalo aphokoso anthu amakweza kuti akwirire phokosolo, ndipo apa ndi pamene makutu amawonongekera. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Njira yake ndi kutchinga phokoso m'malo molipikisana nalo: mahedifoni ophimba khutu lonse, a m'khutu okhala ndi timphira tothina bwino, kapena amagetsi othetsa phokoso. Dziwani kuti othetsa phokosowa amachita bwino pa kulira kwa injini ndi fani kuposa pa mawu a anthu, choncho nyimbo yapansipansi imafunikabe pamwamba pake. Musapyole 60 peresenti ya voliyumu ya foni. Pa iPhone muli malo otchedwa Headphone Safety oikira malire a madesibelo. Makutu akamalira kapena kumva ngati atsekeka mukavula mahedifoni, mwakweza kwambiri.

Gawo la Sleep lili ndi ubwino umodzi womveka. Michael Scullin wa ku Baylor University anapeza mu 2021 kuti nyimbo zokakamira m'mutu zimawononga tulo, ndipo zodziwika zoimbidwa ndi zida zokha zinakakamira kwambiri. Za Brain.fm zilibe choti chikakamire. Poti tulo ndi pamene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana, chilichonse chokugonetsani msanga chikuthandiza kukumbukira mwa njira yozungulira. Koma musasokoneze izi ndi kafukufuku wa ku Germany wa mu 2013, pamene timaphokoso tating'ono tinawonjezera kukumbukira kwa anthu ali m'tulo. Kumeneko makina a EEG ankawerenga mafunde a ubongo n'kuliza kaphokoso pa nthawi yeniyeni yoyenera. Foni ya pambali pa pilo siidziwa chimene ubongo wanu ukuchita. Tcherani wotchi kuti izime pakatha mphindi 30 mpaka 60, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito sipika yapansipansi kusiyana ndi kugona usiku wonse zinthu zili m'makutu.

Opikisana nayo

Endel, ya ku Berlin, imapanga kulira kwake pompopompo potengera nthawi ya tsiku, nyengo, ndi kugunda kwa mtima ngati muli ndi wotchi yoyeza. Yake ndi yofewa kwambiri ndipo imayanja amene kunjenjemera kwa Brain.fm kumawavuta. Pa Spotify ndi YouTube pali mindandanda yambirimbiri ya nyimbo zowerengera, ina yabwino ndithu, koma mosalipira mumakumana ndi otsatsa malonda, amene ndi mawu olankhulidwa komanso okwera, ndendende chimene mukuthawa. Mindandandayi imasakanizanso nyimbo za mphamvu zosiyana, ina n'kukudzidzimutsani ndi woimba pakati. Wopikisana woopsa kwambiri ndi waulere: failo imodzi ya phokoso la mvula kapena la shiii lofewa, yotsitsidwa kamodzi n'kumaibwereza. Imakwirira mawu a anthu, ilibe mawu, siisintha. Kwa anthu ambiri zimenezi ndi gawo lalikulu la zimene Brain.fm imachita. Chimene mukulipira pamwamba pake ndi kunjenjemera kuja, wotchi, ndi nyimbo zosatopetsa khutu ngati phokoso lokhalokha.

Yesani nokha musanalipire

Masiku oyeserera ndi okwanira kudziwa ngati ili yanu, bola muyeze ntchito osati mmene mukumvera. Konzani mindandanda 6 ya mawu 20 osagwirizana, yovuta mofanana, ndipo ndi bwino akulembereni munthu wina kuti musaione pasadakhale. Werengani mndandanda umodzi kwa mphindi 2, chitani masamu osavuta kwa mphindi 5 kuti musabwereze mawuwo mumtima, kenako lembani amene mukukumbukira. Iwiri chitani kuli zii, iwiri ndi Brain.fm, iwiri ndi phokoso la mvula laulere. Sinthanitsani dongosolo tsiku lililonse, chifukwa choyamba chimapeza mutu uli watsopano ndipo chomaliza chimapindula ndi kuzolowera. Chitani pa ola lomwelo, pamalo omwewo, mutamwa kapena musanamwe khofi mofanana. Kusiyana kwa liwu limodzi kapena awiri si kanthu, ndi mwayi chabe.

Kenako yezani chinthu chachiwiri, chimene pulogalamuyi inapangidwira. Tcherani mphindi 45 za ntchito yanu yeniyeni, ikani pepala pambali, ndipo lembani kamzere nthawi iliyonse imene mwagwira foni, mwatsegula tsamba losakhudza ntchito kapena mwadzipeza mukuganiza zina. Werenganinso masamba, mizere kapena mafunso amene mwamaliza. Ngati timizere tikuchepa kwambiri ndi Brain.fm kuposa ndi mvula yaulere, lipirani mwezi umodzi kaye, osati chaka, ndipo ikani chikumbutso pa kalendala tsiku limodzi malipiro asanadzibwereze okha. Ngati timizere n'tofanana, sungani failo ya mvula ija, ndalamazo mugulire mahedifoni otchinga bwino phokoso.